Amayi ndi athupi ndithu, nanga adokotala akuti aperewera chakudya bwanji?

Funso

Amayi anga ali ndi zaka 62, timakhala kufupi ndi Luchenza. Anawapeza ndi khansa ya m'matumbo ndipo atipatsa tsiku la opaleshoni ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kwatsala masabata atatu. Adokotala atatsegula buku lawo la kuchipatala anati atsika kuchoka pa makilogalamu 68 kufika pa 60 m'miyezi isanu, ndipo thupi lawo laperewera chakudya. Msinkhu analemba masentimita 155. Ife zikutidabwitsa chifukwa kuwaona amayi ndi munthu wathupi, sali ngati wonyentchera. Chomwe taona n'chakuti mtanda umodzi wa nsima sakuumaliza, ndipo akakhala pamphasa amadzuka movutikira. Kodi madokotala amayeza chiyani kwenikweni? Nanga ife tichite chiyani masabata atatuwa? Ena akutiuza kuti tisawapatse nyama, mazira ndi shuga chifukwa zimakulitsa chotupa.

Yankho

Mayi, adokotalawo sanalakwitse, ndipo manambala amene mwatumizawa ndi okwanira kuonetsa chifukwa chake. Inu mukamawayang'ana amayi mukuona thupi, koma zambiri zimene diso limaona pathupi ndi mafuta. Dokotala wa opaleshoni amafunsa zina: munthuyu watsika mochuluka bwanji ndiponso mwaliwiro lotani, akudya zochuluka bwanji poyerekeza ndi kale, ndipo minofu yake yatsala ndi mphamvu zotani. Khansa ili ndi khalidwe lodya minofu n'kusiya mafuta pamwamba. Zimakhala ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, kunja ikuoneka yabwinobwino, ukaigogoda n'kumva kuti m'kati ndi mphako.

Minofu ikuwadetsa nkhawa madokotala pa chifukwa ichi. Opaleshoni ya m'mimba ndi bala lalikulu, ndipo masiku oyamba thupi limafuna mapuloteni ambiri kuti lilumikize matumbo pomwe asoka, litseke chilonda, ndiponso lipange asilikali olimbana ndi tizilombo. Pa nthawi imeneyo wodwala sadya bwino, ndiye thupi limakatapa m'nkhokwe, ndipo nkhokwe ya mapuloteni ndi minofu basi. Mafuta amapereka mphamvu, koma sangasanduke mnofu wotsekera chilonda. Munthu akalowa ku fiyeta nkhokweyo itatha kale, chilonda chimachedwa kupola kapena chimachita mafinya, nthawi zina chimatseguka ulusi ukadalipo. Pomwe alumikiza matumbo pakhoza kudontha, zoipa n'kutayikira m'mimba, ndipo pa mavuto onse ili ndiye loopsa. Minofu yopumira ndi yotsokomolera ikafooka, makhololo amakhazikika m'mapapo n'kubweretsa chibayo. Wodwala akalephera kudzuka pabedi amatuluka zilonda kumsana ndi m'matako, magazi amatha kuundana m'miyendo, ndipo kugonako kumapitiriza kudya minofu yotsalayo. Kafukufuku wina wa ku America mu 2007 anagoneka pabedi okalamba athanzi kwa masiku 10, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo yokha. Amenewo anali anthu osadwala.

Masamu a sikelo

Njira imene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito pounika msanga ndi MUST, yomwe inakonzedwa ndi bungwe la BAPEN ku Britain mu 2003. Ili ndi mafunso atatu ndipo mukhoza kuwerengera nokha.

Loyamba ndi BMI, kuyerekeza kulemera ndi msinkhu. Msinkhu wa amayi ndi mamita 1.55. Muchulukitse 1.55 ndi 1.55, mupeza 2.4. Mugawe 60 ndi 2.4, mupeza 25. BMI yopitirira 20 siipatsidwa pointi, ya 18.5 mpaka 20 imapatsidwa imodzi, yosafika 18.5 imapatsidwa ziwiri. Apa amayi alibe pointi, ndipo n'zimene maso anu akukuuzani.

Lachiwiri ndi kutsika kwa thupi mosafuna m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yapitayi. Amayi ataya makilogalamu 8. Mugawe 8 ndi 68, muchulukitse ndi 100, mupeza pafupifupi 12 peresenti. Kutsika kosafika 5 peresenti kulibe pointi, kwa 5 mpaka 10 ndi imodzi, kopitirira 10 ndi ziwiri. Amayi ali ndi ziwiri.

Lachitatu limafunsa ngati munthu wadwala mwakayakaya moti sanadye kapena sadya kanthu kwa masiku opitirira asanu. Akatero amawonjezera ziwiri. Amayi akudyako, ndiye apa palibe.

Zonse pamodzi ndi mapointi awiri, ndipo kuyambira pa awiri munthu amakhala m'gulu la chiopsezo chachikulu. Muyeso wina wa mu 2018 wotchedwa GLIM, womwe mabungwe a za kadyedwe a m'maiko osiyanasiyana anagwirizana, umanena kuti kutsika kopitirira 10 peresenti m'miyezi isanu ndi umodzi mwa munthu amene ali ndi nthenda ngati khansa kapena amene akudya mochepa ndi kuperewera kwa chakudya kwakukulu, BMI ikhale yotani. Mwaona tsono kuti funso lachiwirili ndi limene linawagwira amayi, ndipo linayankhidwa chifukwa wina analemba 68 uja m'buku miyezi isanu yapitayo. Buku la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika, musalisiye kunyumba. Pomwe palibe cholembedwa, dokotala amafunsa za chitenje chimene chayamba kuzungulira kwambiri, bulauzi yomwe yayamba kukhwepa, mphete yomwe ikuvuka yokha.

Sikelo nayo imanama. Masikelo awiri amatha kusiyana ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndiye muziwayeza pa sikelo imodzimodziyo, kamodzi pa sabata, m'mawa, opanda nsapato ndi juzi. Bodza lalikulu ndi la madzi. Munthu amene miyendo yatupa kapena m'mimba mwadzaza madzi amaoneka kuti akukwera pomwe minofu ikutha. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Mukachotsa chala pakatsala kadzenje, pali madzi, ndipo nambala ya pasikelo musaikhulupirire. Auzeni adokotala.

Pomwe sikelo palibe kapena pali madzi, timayeza mkono, monga mumaonera ana akuyezedwa ku sikelo. Tepi ya telala imakwanira. Apinde mkono wamanzere, mupeze pakati penipeni pa nsonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono, muikepo kadontho ka bolopeni, kenako autambasule mkonowo ulendewere momasuka, muzungulize tepi pa kadonthoko osafinya. Pansi pa masentimita 23.5 zimasonyeza kuti BMI mwina yatsika pansi pa 20. Kwa amayi anu nambalayi ikhoza kutuluka yabwino chifukwa cha mafuta, koma ilembeni ndithu, chifukwa ikamatsika sabata ndi sabata ikukuuzani kanthu.

Za kudya, musayankhe kuti "akudya bwinobwino" kapena "akudyako". Mayankho amenewa samuthandiza dokotala. Nenani kuti kale ankadya mitanda iwiri, pano theka la mtanda, ndipo zayamba miyezi iwiri yapitayo. Kudya theka la zimene thupi limafuna kapena kuchepera apo kwa nthawi yopitirira sabata imodzi ndi chizindikiro pachokha. Nenaninso chomwe chikuwaletsa: mseru, kukhuta msanga, kupweteka m'mimba akadya, kudzimbidwa, kutsegula m'mimba, zilonda kapena zoyerayera m'kamwa, mano, kapena nkhawa. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala, ndipo kukakamiza chakudya munthu amene akumva mseru osathetsa mseruwo n'kungokangana naye.

Kuyeza minofu

Yambani ndi maso ndi manja, pamalo owala. Pali malo amene mafuta sabisa kwambiri. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, mukalowa m'kati ngati kambale, minofu yatha. Mapewa a munthu wabwino amakhala obulungira, a munthu amene wataya minofu amakhala a ngodya, mafupa a m'munsi mwa khosi ndi a kumsana ataonekera. Apanitse chala chachikulu ndi chamkombaphala: pakati pake payenera kutukuka kamnofu kolimba, osati kulowa m'kati. Kenako gwirani ntchafu pamwamba pa bondo ndi akatumba a kuseri kwa miyendo. Mnofu umalimba munthu akaukunga, mafuta amangokhala tepetepe.

Akatumba amayezedwanso. Akhale pampando, phazi pansi, bondo litapindika bwino, muzungulize tepi pomwe pali ponenepa kwambiri. Pansi pa masentimita 31 ndi chenjezo. Pali njira ina yochokera ku Japan yosafuna tepi: wodwala yekha apange mkombero ndi zala zazikulu ziwiri ndi zamkombaphala ziwiri, azungulize katumba. Zala zikakumana n'kutsala mpata, minofu yachepa. Miyendo ikakhala yotupa, miyeso iwiriyi ilibe ntchito.

Koma kukula kwa mnofu sikunena zambiri ngati mphamvu yake, ndipo apa mwanena kale chinthu chofunika, chakuti amadzuka movutikira. Chiyeseni motere. Tengani mpando wamba wa patebulo, wopanda mogwira m'mbali, wotalika pafupifupi masentimita 45, osati kampando kakafupi ka kukhitchini kapena sofa yolowa m'kati. Utsamiritseni kukhoma kuti usaterereke. Amayi akhale, mapazi pansi, manja atapingasa pachifuwa. Aimirire mpaka kuwongoka, akhalenso, kasanu motsatizana, mwachangu momwe angathere, inu mutaima pambali ndi foni yowerengera nthawi. Akapitirira masekondi 15, kapena akalephera kudzuka osagwira maondo, miyendo yafooka. Chachiwiri, yezani mamita anayi pabwalo losalala, mujambule mizere iwiri, ayende monga amayendera masiku onse. Akatenga masekondi asanu kapena kuposa apo, liwiro lawo latsika kufika pa muyeso wa chenjezo, womwe ndi mamita 0.8 pa sekondi. Kuchipatala komwe kuli kachipangizo kofinya ndi dzanja amayezanso mphamvu ya dzanja: pansi pa makilogalamu 16 kwa amayi ndi 27 kwa abambo ndi kufooka. Manambala onsewa anakhazikitsidwa ndi akatswiri a ku Ulaya poyeza anthu a kwawoko, ndiye musawatenge ngati malire a munda. Mayi amene wakhala zaka akuthyola tiyi dengu lili kumsana, kapena kukwera zitunda za ku Thyolo ndowa ili pamutu, amayambira pamwamba kwambiri, moti akhoza kutaya theka la mphamvu zake n'kupambanabe mayesowa. N'chifukwa chake mafunso a ntchito za tsiku ndi tsiku ndi ofunika. Kodi akuthabe kuvundula nsima ya banja lonse? Kufinya chitenje chonyowa? Kunyamula chigubu cha malita asanu? Kufika kutchalitchi osapumira panjira? Agwapo chaka chino? Chimene ankachita mu Janyuwale koma pano sangathe, chilembeni.

Ngati anawajambula CT, sikani yoonetsa m'kati mwa thupi, ya m'mimba pofufuza khansayo, chithunzi chomwecho chimaonetsa minofu. Madokotala amayang'ana pa fupa lachitatu la msana wa m'chiuno, lomwe amalitcha L3, chifukwa kuchuluka kwa minofu pamenepo kumafanana bwino ndi kwa thupi lonse, ndipo amaonanso ngati mafuta alowerera m'kati mwa mnofu. Sipafunika kujambulanso. Mukhoza kungofunsa kuti, "Adokotala, pa sikani paja minofu ikuoneka bwanji?"

Magazi amawonjezerapo zinthu ziwiri. Khansa ya m'matumbo imakonda kutaya magazi pang'onopang'ono m'chimbudzi, nthawi zambiri osaoneka, ndiye Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, iyenera kuyezedwa tsopano, osati dzulo la opaleshoni. Kwa amayi, pansi pa 12 ndi kuchepa kwa magazi, ndipo kukonza kumafuna masabata. China ndi albumin, puloteni ya m'magazi yopangidwa ndi chiwindi. Ikakhala pansi pa 30, kapena 3.0 malinga ndi kalembedwe ka labu, chiopsezo cha mavuto a opaleshoni chimakwera. Koma albumin si muyeso wa chakudya. Imatsika chifukwa cha kutupa kwa m'kati komwe nthenda imabweretsa, matenda a chiwindi kapena a impso, ndipo imasintha mochedwa, theka lake limatenga pafupifupi masiku 20 kuti lisinthike m'magazi. Musakhumudwe ikapanda kukwera patatha masabata awiri akudya bwino. Shuga, impso ndi HIV aziyezanso, ndipo amene ali pa ma ARV asadumphitse.

Malangizo a mu 2017 a bungwe la ESPEN la ku Ulaya anati wodwala amene wataya zopitirira 10 mpaka 15 peresenti ya thupi m'miyezi isanu ndi umodzi, kapena BMI yake ili pansi pa 18.5, kapena albumin ili pansi pa 30, alandire chithandizo cha chakudya kwa masiku 7 mpaka 14 opaleshoni yaikulu isanachitike, ngakhale zitatanthauza kuisuntha pang'ono. Amayi anu ali m'gulu limeneli, ndipo masabata atatu amene muli nawowo akukwanira popanda kusuntha tsiku. Musalisunthe nokha n'cholinga choti ayambe anenepa. Chotupa sichidikira, ndipo makilogalamu 8 aja sabwerera chisanachotsedwe. Cholinga cha masabata atatuwa ndi kuimitsa kutsika ndi kubwezeretsako mphamvu. Sikelo ikaima pa 60 ndipo masekondi a pampando akatsika kuchoka pa 18 kufika pa 14, mwagwira ntchito.

Chakudya

Zoti nyama, mazira ndi shuga zimakulitsa chotupa zisiyeni. Chotupa chimatenga zomwe chikufuna kaya munthu adye kaya asadye, ndipo akapanda kudya chimatenga m'minofu yake. Amene amagona ndi njala ndi amayi, osati khansa.

Wodwala khansa amafuna makalori 25 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndi mapuloteni opitirira galamu imodzi mpaka 1.5 pa kilogalamu. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ndiye makalori 1,500 mpaka 1,800 ndi mapuloteni magalamu 60 mpaka 90. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8. Kapu ya nandolo wophika ili ndi pafupifupi 11. Usipa kapena matemba ouma, kupitirira theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndiye dzanja limodzi lodzaza, la magalamu 30, likupatsani 15 kapena kuposa. Masupuni awiri aakulu a nsinjiro ali ndi 4 kapena 5. Mazira awiri, makapu awiri a mkaka, kapu ya nandolo, dzanja la usipa ndi nsinjiro zikufikitsani pafupi ndi 60, ndipo nsima ndi phala zimawonjezera zina. Ngati impso zawo zili ndi vuto, muyeso wa mapuloteni anene ndi adokotala.

Vuto ndi lakuti munthu amene sakumaliza mtanda umodzi sangadye zonsezi pa nkhomaliro ndi mgonero. Gawani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono, m'mbale yaing'ono, chifukwa mbale yodzaza imamugwetsa ulesi wodwala asanayambe n'komwe. Ayambe ndi ndiwo, nsima ibwere pambuyo. Madzi, tiyi ndi thobwa amwe pakati pa zakudya, osati asanadye kumene, chifukwa zimadzaza m'mimba. Ndipo chakudya chilichonse chikhale cholemera. Phala la madzi ndi mchere ndi chinyengo: limakhutitsa koma mulibe kanthu. Phikani phala ndi kapu ya mkaka, muthiremo masupuni awiri a nsinjiro ndi supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira, kenako mumenye dzira m'kapu, mulithire phala likadali pamoto, mutakase mpaka lipse. Zowonjezerazi zokha zikupitirira makalori 400 ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 18, koma kapu ya phala ikadali imodzi. Likuni Phala mukhoza kulikonza chimodzimodzi.

Kwanuko muli ndi mwayi wa mkaka wa alimi a ku Bvumbwe ndi madera ozungulira. Wogula kwa mlimi muziuwiritsa nthawi zonse. Ukamawatsegula m'mimba kapena kuwadzaza mpweya, yesani chambiko, ambiri chimawayanja. Peyala losakaniza ndi nthochi yakupsa ndi chakudya chofewa champhamvu cha pakati pa tsiku. Mtedza wosinja nsinjiro muusankhe bwino, wachuku ndi wofota mutaye, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi. Cholakwika china chofala ndi kupha nkhuku n'kumupatsa wodwala msuzi wokha, minofu n'kudya ena. Mu msuzi muli kukoma ndi mchere, mapuloteni atsala mu mnofu. Ngati kutafuna kukuvuta, nyenyani nyamayo kapena muisinje, usipa muukazinge n'kuusinja ngati ufa wothira m'ndiwo.

Pali chenjezo la khansa ya m'matumbo makamaka. Chotupa chikachepetsa njira, zakudya zamakoko ndi zaulusi zimatha kutsekereza. Funsani adokotala ngati njira ya amayi yachepa. Akavomera, nandolo ndi nyemba muzichotsa makoko n'kuphika chipere, nsima ikhale ya ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, masamba aphikidwe mpaka kufewa, ndipo chimanga chootcha, mtedza wokazinga wosasinja, mango aulusi, chinanazi, magwafa anjere ndi kalongonda zidikire kaye. Akayamba kusanza, mimba n'kufufuma, kupotokola kwambiri, osachita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, siyani kuwadyetsa ndipo pitani kuchipatala cha Thyolo, cha Mulanje kapena chilichonse chapafupi tsiku lomwelo, usiku ukhale usiku. Matumbo akatsekeka sipakhala zodikira tsiku lomwe munapatsidwa. Chimodzimodzi akataya magazi ambiri, akatentha thupi kapena akakomoka.

Akapatsidwa mapilisi owonjezera magazi, asamwere tiyi. Tiyi amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi, ndipo m'dera la tiyi ngati lanulo ichi n'chosavuta kuiwala. Pakhale ola limodzi kapena awiri pakati pa tiyi ndi mapilisi kapena chakudya chachikulu. Mapilisiwa amadetsa chimbudzi ndipo amatha kudzimbitsa, zikavuta nenani m'malo mongosiya. Funsaninso kuchipatala ngati amayi angalembedwe pa chithandizo cha chiponde. Paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi makalori 500, ndipo imalowa bwino m'phala. Ngati ali ndi matenda a shuga, zotsekemera zichepe koma mazira, nsomba, nyemba ndi mafuta zipitirire, ndipo shuga ayezedwe pafupipafupi. Mankhwala azitsamba alionse amene akumwa muwatchule kwa adokotala mosabisa, chifukwa ena amasokoneza kuundana kwa magazi kapena amalemetsa chiwindi. Fodya, wosuta kapena wofwenkha, ndi mowa zilekeke lero.

Chenjezo lina silikukhudza amayi anu panopa, koma likhudza ena owerenga, makamaka amene akusamalira odwala khansa ya kummero, yomwe ndi yofala kwambiri kuno ku Malawi. Munthu amene wakhala masiku opitirira 10 osadya kanthu kwenikweni, kapena BMI yake ili pansi pa 16, sayenera kuyambitsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi. Mchere wina wa m'magazi umagwa mofulumira thupi likayambanso kulandira chakudya, ndipo mtima ukhoza kusokonezeka. Wotereyu ayambire kuchipatala, pang'onopang'ono, atapatsidwa vitamini B1.

Asagonekedwe

Chakudya chokha sichimanga minofu. Mnofu umakula pomwe ukugwiritsidwa ntchito, ndipo apa mabanja ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Munthu akangomveka kuti ali ndi khansa, amalandidwa tsache, mthiko ndi khasu, n'kuuzidwa kuti agone. Asiyeni amayi asese pakhomo, asadzule masamba, apite kwa anzawo. Kuwonjezera apo, mpando uja ukhale mankhwala: kuimirira ndi kukhala ka 10, katatu patsiku, poyamba akugwira tebulo ngati pafunika. Atagwira khoma, anyamuke pa zala za kumapazi ka 10 kapena ka 15. Botolo la madzi la lita imodzi m'dzanja lililonse, apinde ndi kutambasula mikono, kenako akweze m'mwamba. Ayende mphindi 20 mpaka 30 patsiku, zogawa kawiri kapena katatu, pa liwiro loti akupuma mwamphamvu koma akutha kulankhula, ndipo ayambire posalala asanayese chitunda. Kapu ya mkaka kapena dzira zibwere akangomaliza. Aphunzirenso kupuma mokoka mpweya wambiri, kuusunga masekondi atatu, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ka 10 motsatizana, komanso kutsokomola atakumbatira pilo pamimba, chifukwa adzafunika kuchita zimenezi chilonda chili chachiwisi. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena befu wachilendo, aime ndipo akayezedwe magazi.

Tsiku likayandikira, tsatirani zimene a muwodi akuuzani za kusala chakudya ndi mankhwala otsuka m'matumbo. Malangizo a masiku ano amalola chakudya mpaka maola 6 ndi zakumwa zoyera ngati madzi mpaka maola awiri munthu asanagonetsedwe, koma kwa amene matumbo ake achepa njira dokotala akhoza kunena zosiyana, ndipo mawu ake ndiwo atsatidwe. Chomwe gadiyani ayenera kuyang'anira ndi ichi: opaleshoni ikasunthidwa, monga zimachitikira pakabwera odwala angozi, funsani nthawi yomweyo ngati amayi angadye. Odwala ena amasala kuyambira pakati pa usiku mpaka madzulo, mawa lake chimodzimodzi, masiku awiri kapena atatu, chifukwa palibe amene anafunsa, ndipo zimene banja linamanga m'masabata atatu zimayamba kugumuka asanalowe n'komwe ku fiyeta. Pambuyo pa opaleshoni, akaloledwa kumwa, kudya ndi kudzuka, zomwe kawirikawiri zimayamba tsiku loyamba kapena lachiwiri, musawaletse poopa kuti ulusi uduka.

Gulani kope laling'ono lero. Tsamba loyamba mulembe 68 ndi mwezi wake, 60 ndi tsiku lake, muyeso wa mkono ndi wa katumba, masekondi a pampando ndi a mamita anayi. Lamlungu lililonse mubwereze miyesoyi, ndipo tsiku lililonse mulembe zimene adya ndi kuchuluka kwake, osati zimene mwaphika. Popita ku Gulupu, ku Queen Elizabeth kuja, kopelo likhale m'kati mwa buku la kuchipatala, ndipo mulionetse kwa dokotala wa opaleshoni ndi kwa wogonetsa tulo yemwe. Ngati pakatha sabata yoyamba sikelo ikutsikabe kapena amayi sakufika theka la chakudya chimene tawerengerachi, musadikire tsiku la opaleshoni. Bwererani kuchipatala, mupemphe kuonana ndi woona za kadyedwe, chifukwa pamenepo pangafunike zakumwa zapadera zowonjezera mphamvu kapena kudyetsera pa kachubu kodzera m'mphuno kwa masiku otsalawo.